Zigoli za Dzina Lobwereka

Komiti ya Nthungululu Sisters inakumana Lamlungu masana, mapemphero atatha, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi ku Highfields, mumzinda wa Leicester ku Mangalande, ndipo nkhani inali imodzi yokha: mayina asanu. Timu yawo ya mpira wamanja inali itakwanitsa zaka makumi awiri, ndiye eni holo yomwe ankasewereramo anawapatsa malo pakhoma oti akhomepo chikwangwani chamkuwa cha osewera asanu amene anaposa anzawo onse. Asanu okha, pa azimayi oposa sikisite amene anavalapo bibu ya timuyo! Amene anaganiza zimenezo sankawadziwa Amalawi.

Elsie Chidothi, namwino wokhala ku Wigston, anakhala chakumapeto kwa tebulo, chikwama chili pamiyendo. Anthu amabwera kumisonkhano yotere akupemphera chamumtima kuti dzina lawo litchulidwe. Iye ankapemphera kuti lake aliiwale.

Mayina atatu anadutsa popanda wotsutsa. Phokoso linabuka pa Hazel, amene anatchinga kumbuyo zaka khumi zathunthu.

"Hazel ayi," anatero a Bonface, amene kalelo anali kochi ndipo tsopano anali wapampando. "Munthu anatukwana woyimbira mpira. Anatiimitsa magemu atatu chifukwa cha pakamwa pake."

"Anatukwana m'Chichewa," anayankha Dyna, mnzake wa Elsie wakalekale, mayi wosabisa mawu. "Akanadziwa bwanji kuti mzungu ameneyo anagwirako ntchito ku Malawi zaka sikisi? Imeneyo ndi ngozi, a Tcheya, si khalidwe."

"Chabwino, nanga Mayankho?"

"Mayankho uja anatithawa n'kukajoina timu ya ku Nottingham? Uja anabwera kudzatimwetsa zigoli sate pakhomo pathu pomwe, kenako n'kuvina? Ameneyo akamukhomere ku Nottingham konko."

"Koma asanapite anatithandiza kutenga kapu."

"Yudasi nayenso anali pa timu," anatero Dyna, ndipo chipinda chonse chinafa ndi phwete.

Anakokana choncho mpaka tiyi kuzizira. Wina ankati pakhoma payenera kukhala oponya okhaokha, poti mpira ndi zigoli. Wina ankati ayi, woponya amaponya mpira umene mnzake waufera kumbuyo. Wina anakumbutsa za mayi wa ku Zambia amene ankachapa mabibu zaka zonsezo, ndipo anamuyankha kuti chikwangwanicho n'cha osewera, osati cha makina ochapira. Aliyense anali ndi wake, ndipo wake wa aliyense anali m'bale kapena woyimba naye kwaya.

Apo m'pamene Melissa anatsegula laputopu. Melissa anali mwana wa Elsie, wobadwira konkuno ku Leicester, wophunzira pa yunivesite, ndipo tsopano ndiye anali woponya wa timuyo komanso mlembi wa komiti. Chichewa ankamva chonse koma ankayankha m'Chingerezi, ndipo akulu anali atatopa kumudzudzula. Ananena kuti kukangana n'kutaya nthawi. Iye anali atapita ku ofesi ya ligi, n'kupempha mapepala a magemu onse kuyambira chaka choyamba, n'kuwonkhetsa zigoli za wosewera aliyense. Anatembenuza laputopuyo kuti onse aone. Pamwamba penipeni panali dzina la Elsie Chidothi, zigoli 614 m'zaka zitatu zokha, kuyambira 2007 mpaka 2009. Mayankho, amene ankabwera pambuyo pake, anafunika zaka zisanu kuti afike pa theka.

"Mum, simunandiuzepo kuti zinali zambiri chonchi," anatero Melissa m'Chingerezi, nkhope itawala.

Atsikana atatu a m'komitimo anaomba m'manja. Akuluakulu sanafulumire. A Bonface anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Dyna anasuzumira m'kapu yake ngati mwagwera ntchentche. Kenako a Bonface anati dzina lachinayi lapezeka, lachisanu adzamaliza sabata yamawa, ndipo anapempha wina atseke ndi pemphero.

Chilungamo chake n'chakuti Elsie sanaponyepo chigoli ngakhale chimodzi m'moyo wake. Ankasewera chakumbuyo, pamalo pomwe malamulo salola n'komwe kuyandikira pagolo, ndipo ngakhale pamenepo anali wongokwaniritsa chiwerengero. Zigoli zonsezo zinali za Keturah.

Keturah anabwera ku Mangalande mu 2006 ndi viza ya ulendo, kudzaonerera mwambo wa m'bale wake womaliza maphunziro. Mwambo unatha, viza inatha, iye sanabwerere. Anali mkazi wamtali wa ku Ndirande, wamanja ngati mapini a makasu, ndipo mpira ukafika m'manja amenewo otchinga ankangoyamba kubwerera pakati. Koma ankaopa fomu kuposa njoka. Ngakhale kadi ya mapointi ya m'sitolo ankaikana, poti pamenepo ankafunsa dzina ndi adiresi. Ligi nayo inkafuna dzina, adiresi ndi saini. Pa nthawiyo Elsie anali atalembetsa kale, koma Melissa anali wamng'ono ndipo mashifiti a Loweruka ankamugwera iyeyo. Kadi ya ligi inalibe chithunzi. Tsiku lina ali m'khitchini Elsie anangouza Keturah kuti, "Tenga langali, mwali, likungokhala." Anapereka dzina ngati mmene munthu amabwereketsera ambulera.

Azungu a ligi sanazindikire kanthu. Kwa iwo azimayi a Nthungululu onse anali nkhope imodzi. Keturah anaphunzira kutembenuka akamva "Elsie!" Ndipo pakati pa Amalawi panalibe wofunsa, chifukwa kuno kuli lamulo limodzi lomwe silinalembedwe paliponse koma aliyense amalisunga: za mapepala a mnzako sufunsa, ndipo ukazidziwa sunena. Mpaka apo Elsie analibe mlandu. Anathandiza mnzake, basi.

Mlandu unayamba kumapeto kwa 2008, pamene ligi inaitana Elsie Chidothi kukalandira chikho cha woponya zigoli zambiri. Keturah atamva kuti kudzabwera wojambula wa nyuzipepala, anakana kwamtuwagalu. Ndiye Elsie anavala diresi yake yabuluu n'kupita. Ankaganiza kuti angolandira n'kukapereka kwa mwini wake. Koma anthu ataimirira n'kumuombera m'manja, zinamukomera. Kuntchito ankangomukumbukira pakakhala shifiti yopanda munthu, ndiye m'manja mwa tsikulo munamulowa mpaka m'mafupa. Chikhocho anachiika pashelefu kuti chigone usiku umodzi, ndipo chinagona zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Keturah sanachiitanitse. Melissa atafika zaka zisanu ndi ziwiri anawerenga dzina pachikhopo n'kufunsa ngati amayi ake ndiwo anachiwina. Elsie anangogwedeza mutu. Mwanayo anayamba mpira chaka chomwecho, n'kumauza aphunzitsi ake kuti kuponya ndi kwa m'magazi.

Keturah anasamukira ku Derby mu 2010. Mapepala anadzawapeza patapita zaka zambiri, ndipo anachita phwando ku Normanton, dera limene ankakhala ku Derby komweko. Elsie anatumiza uthenga wa pafoni wonena kuti ali pa shifiti. Sanali pa shifiti. Ankangochita manyazi kuonana ndi munthu amene anamudyera masuku pamutu.

Msonkhano utatha, Dyna anamupeza pamalo oimika magalimoto.

"Ndakuona nkhope yako m'katimu," anatero. "Landira basi, iwe. Akudandaula ndani?"

"Si zanga, Dyna."

"Tonse tikudziwa kuti si zako. Ndiye? Nkhani inagona kalekale, usaidzutse. Komanso ngati zikukuvuta kwambiri, uyambe wamuimbira mwini wake."

Sabata imeneyo Elsie sanaone mtendere. Melissa ankangoyimba m'nyumba. Anafunsa ngati pachikwangwanicho alembe "Elsie" kapena "E. Chidothi". Anapeza chithunzi cha nyuzipepala chija, cha diresi yabuluu, n'kuchikulitsa kuti adzachiike pakhomo la holo. Chilichonse chimene mwanayo ankachita mwachikondi chinkamubaya mayi wake. Lachitatu Elsie ali kuwodi anaiwala kumene anaika makiyi a kabati ya mankhwala, chinthu chimene chinali chisanamuchitikirepo, ndipo anawapeza m'thumba lake lomwe atasokoneza anzake onse. Nambala ya Keturah anali nayo. Anaitsegula kangapo ali m'basi, n'kuyang'ana kachithunzi ka mnzakeyo atavala yunifomu ya osamalira okalamba, n'kutsekanso foni. Akanayamba ndi mawu ati? Patapita zaka zonsezi, "Muli bwanji" yekha ankamulemera pakamwa.

Pofika Lachisanu anali atapeza njira imene inamuoneka yabwino. Adzaulula pamaso pa komiti yonse, dzina la Keturah lidzakwera pakhoma, ndipo iye adzapita ku Derby atanyamula nkhani yabwino m'malo mopita chimanjamanja. Atangoganiza zimenezo mtima unamupepuka ngati wakhululukidwa kale. Anadya bwino tsiku limenelo. Malangizo a Dyna oti ayambe wamuimbira mwini wake anawaika pambali, poti munthu akadziona kuti walimba mtima samvanso za mnzake.

Lamlungu a Bonface atangotsegula msonkhano, Elsie anaimirira. Ananena zonse: za kadi yopanda chithunzi, za diresi yabuluu, za chikho cha pashelefu. Anamaliza ndi kupempha kuti achotse dzina lake n'kuikapo la Keturah.

Dyna anagwira kumutu. Melissa anatseka laputopu pang'onopang'ono.

"Simunaponyepo?" anafunsa m'Chingerezi. "Ngakhale chimodzi?"

"Ngakhale chimodzi, mwanangu."

"Ine ndinalemba za inu m'kalata yopemphera malo ku yunivesite."

Elsie ankayembekezera kuti mwanayo alira kapena atuluka. Melissa sanachite zonsezo. Anangokhala tsonga, maso ali patebulo, ndipo atayankhulanso ankamveka ngati mlembi, osati mwana wake. Anakumbutsa komiti kuti lamulo limene onse anavomereza linali loti pakhoma padzakhala okhawo amene ali m'kaundula wa ligi. Keturah munalibemo. Anawonjezera kuti mlendo wolemekezeka pa tsiku la mwambo wokhoma chikwangwanicho adzakhala mlembi wa ligi, mayi yemweyo amene anamupatsa mapepala aja, ndipo akadzaona dzina lachilendo lili ndi zigoli 614 adzafunsa. Kuseweretsa munthu wosalembetsa ndi mlandu. Makapu awiri a zaka zimenezo akhoza kufufutidwa.

"Lamulo tinalipanga tokha, tikhoza kulisintha tokha," anatero Dyna. "Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa. Mtsikana uja ankaponya atatembenukira kumbali. Muikeni Keturah, zigoli musalembe."

"Ndiye akatifunsa kuti anasewera chaka chiti?" anatero a Bonface. "Mafomu aja ndinkasaina ndine, amayi. Ine ndi kochi wa ana kusukulu pano. Akamva kuti ndinkasaina zabodza zaka zitatu, mukuganiza kuti ndipitiriza? Komanso mwini wakeyo angafune kuti azungu ayambe kufukula zoti mu 2007 ankakhala bwanji m'dziko muno?"

"Mapepala anapeza kale," anatero Elsie, mawu atatsika.

"Mwamufunsa?"

Elsie anayang'ana pansi.

Mkangano unakula kuposa wa sabata yatha, koma tsopano panalibe woseka. Ena ankati dzina la Elsie lingokhala, poti ligi ikudziwa limenelo. Atsikana aja anakana, amvekere sangaime pamwambo n'kumaombera m'manja bodza limene alimva ndi makutu awo. Ena ankati achotse chiwerengero, ena ankati alembe dzina la timu basi. Pamapeto pake a Bonface anachita zimene apampando amachita mutu ukawawawa: anati onse awiri asiyidwe. Anavota, ndipo zinadutsa. Malo awiri otsalawo anapita kwa Hazel wotukwana uja ndi Mayankho wovina uja.

Pobwerera ku Wigston Melissa anakhala kumpando wakumbuyo ngati wakwera takisi.

Lachitatu Elsie anali pa ofu. Anayendetsa galimoto kupita ku Derby m'mawa, mvula ikuwaza. Nkhani yabwino ija analibe, koma ankadzilimbitsa mtima kuti chilungamo wanena, ndipo Keturah adzaona kuti wataya ulemu wake chifukwa cha iye. Pansi pa mtima ankayembekezera kukumbatiridwa.

Nyumba ya Keturah inali mumsewu wa nyumba zolumikizana ku Normanton, pakati pa shopu ya nyama ndi malo ometera. Anatsegula chitseko atavala yunifomu, atangochoka kwa wokalamba mmodzi, asanapite kwa wina wofunika kumuyendera tsikulo. Anali atanenepa pang'ono ndipo ankayenda mokokera mwendo wamanzere, koma kutalika kunali komwe kuja.

"Ee, Elsie Chidothi!" anafuula. "Mnzanga wa dzina! Lowa, lowa. Ndili ndi mphindi fote zokha, agogo anga a ku Littleover sachedwa kudandaula."

Kulandiridwa kotereku kunamupweteka Elsie kuposa kutukwanidwa. Anakhala pampando, Keturah akuthira madzi m'ketulo ndi kuyankhula osapuma.

"Dyna anandiimbira sabata yatha ija. Akuti mwana wako anapita kukawonkhetsa. Sikisi handiredi ndi fotini! Ine ndinkangoponya, sindinkawerenga. Ndinakhala pansi, mwali, ndinalira ngati mwana. Ndasinthana kale ndi mnzanga shifiti ya Loweruka la mwambowo, ndipo taona." Analoza kuseri kwa chitseko, kumene kunapachikika diresi yatsopano yachitenje, ikadali m'pulasitiki ya telala. "Ndikufuna ndidzajambulitse nditaima pansi pa chikwangwanicho, nditumize kwa achimwene ku Ndirande. Iwo amadziwa kuti Elsie Chidothi wa mpira ndine."

Zinaonekeratu kuti Dyna sanaimbenso foni pambuyo pa Lamlungu.

"Keturah, khala pansi kaye."

Anafotokoza. Anayamba ndi chikho chija, n'kupepesa, n'kunena za manyazi amene anamuletsa kubwera kuphwando. Keturah ankangogwedeza dzanja ngati akuingitsa utsi, kusonyeza kuti zimenezo n'zakale. Koma Elsie atafika pa msonkhano wa Lamlungu, dzanja lija linaima. Atafika pa voti, Keturah anazimitsa ketulo isanawire.

"Ndiye pakhomapo pakhala chiyani?"

"Mayina asanu. Hazel, Mayankho..."

"Za ine ndikufunsa. Sikisi handiredi ndi fotini ikhala pati?"

"Palibe. Achotsa zonse."

"Ngakhale m'kabuku ka mwambo?"

"A Bonface akuti zaka zitatuzo tisazitchule n'komwe, mlembi wa ligi angafunse."

Keturah anakhala pampando woyang'anizana naye. Anasisita bondo la mwendo wake wamanzere uja.

"Ndinkafuna likhale dzina lako," anatero Elsie, misozi ikutsika. "Sindikanatha kulandiranso zinthu zako kachiwiri. Zinkandidya, Keturah. Sindinkagona."

"Ndiye pano ukugona?"



"Ukudziwa kuti zaka khumi ndi ziwiri ndinakhala m'dziko muno osapezeka papepala lililonse?" anatero Keturah, mawu ali pansipansi. "Nyumba ndinkakhala ya dzina la wina. Foni ya dzina la wina. Ndikanafa nthawi imeneyo, akanati munthuyu sanafikeko kuno. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinachita chikulembedwa, tsiku ndi tsiku, ndi mzungu wa cholembera m'manja, chinali zigoli zimenezo. Zoti dzina linali lako sizinandivutepo. Unandibwereka ndi mtima wabwino, ine n'kulivala, n'kulitchukitsa. Chikho chija ndinkadziwa kumene chili, ndikanachifuna ndikanabwera kudzatenga. Pakhomapo pakanalembedwa Elsie Chidothi, ine ndikanawerenga Keturah, ndipo aliyense amene anandiona ndikusewera akanawerenga chimodzimodzi."

"Ndinkaganiza kuti ndikukonza."

"Unkakonza mtima wako. Nambala yanga uli nayo?"

"Ndili nayo."

"Sinasinthe chichokereni ku Leicester." Keturah anaimirira, n'kutenga chikwama chake cha kuntchito ndi makiyi. Sanakweze mawu, ndipo nkhope yake inalibe ukali, kungoti inaoneka yotopa. "Chikho unatenga osandifunsa, ndinakusiya. Koma khomali linali langa, Elsie. Ukanangondiimbira, ndikanakuuza kuti ukhale chete."

Anatsegula chitseko n'kuima pambali kuti mlendo atsogole, poti agogo a ku Littleover ankadikira kusambitsidwa.